Maphunziro a bizinesi apite ku Glen View

Boma la Zimbabwe litabweretsa ndondomeko ya Education 5.0, linauza mayunivesite kuti asamangophunzitsa ndi kufufuza, koma azipanganso katundu wogulitsika. Cholingacho n'chabwino. Chodandaulitsa n'chakuti wophunzira wa ku Mbare kapena ku Mufakose, kumene kuli zidzukulu zambiri za Amalawi, amalawirira kukwera kombi kupita ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant kukalemba pulani ya bizinesi papepala, kusiya amisiri enieni kwawo komweko. Ku msika wa Siyaso anthu akuwotcherera mafelemu a mawindo ndi mawilibala. Ku Glen View Area 8 akukhoma masofa, utuchi uli mbwee, kasitomala akunenerera mtengo pomwepo. Maphunziro a bizinesi azichitikira kumeneko teremu yathunthu, ndipo aziwerengedwa pa digiri.

Ena akuti malowa ndi achisawawa, sangaphunzitse munthu wa pa yunivesite. Komatu chisawawacho n'chimene chikufuna munthu wophunzira. Msika wa Glen View wapsa kangapo, matabwa ndi siponji zaunjikana pafupi ndi nthambo zamagetsi, ndipo amisiri ambiri alibe inshuwalansi. Wophunzira amene angamulembere kalipentala mmodzi kaundula wa ndalama, n'kumuwerengera phindu la sofa iliyonse, adzamvetsa msanga chifukwa chimene banki imakanira kumubwereka ndalama.