Kompyuta Yakale Isatayidwe Msanga

Abambo ansembe, makolo athu ndi aseminale anzanga, m'maofesi ena muno m'Mangochi muli makompyuta akale amene angokhala pakona, fumbi lili mbuu. Chiyambire pa 14 Okutobala 2025, pamene Microsoft idaleka kusamala Windows 10, ambiri akuti makina otere atha ntchito. Ine ndikukana.

Kompyuta yotere ingathe kutionetsa kanema m'holo yathu. Tiichotse fumbi la m'kati kuti isatenthe, popeza kuno kunyanja dzuwa silisewera. Tiikemo Linux ndi VLC, zomwe n'zaulere, kenaka tiilumikize ku TV ndi chingwe cha HDMI. Ikakhala ya VGA yokha, pafunika chingwe china chopita ku masipika, chifukwa VGA sinyamula mawu.

Ena adzati imadya magetsi, ndiponso tidzayamba kuonera zopanda pake. Nkhawayi n'njomveka. Koma tingamaiyatse Loweruka madzulo okha, ndipo mafilimu azisankha ndi Abambo oyang'anira: moyo wa oyera mtima, mbiri yakale ndi maphunziro a sayansi. Kodi sizipambana kukathithikana m'vidiyo shoo kumsika?

Tikaitaya kudzala, mtovu wa m'kati mwake ungakokoloke ndi mvula mpaka m'nyanja momwe timapha chambo. Mu 2015, m'kalata ya Laudato Si', Papa Francis adadzudzula khalidwe lotaya zinthu mwachisawawa.

Tsono makolo, musanaitaye, tipatseni tiiyese. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.