Kodi Yudasi Timuveke Mtundu Wanji?



Nyengo ya Lenti ikamayandikira, magulu athu ambiri amayamba kukonzekera sewero la Masautso a Ambuye. Mawu timawaloweza mosamala, koma za zovala sitikambirana n'komwe, poti aliyense amadziwa kale: Yesu avale zoyera, Satana avale zakuda, nkhope apakidwe makala, ndipo Yudasi apatsidwe nsalu yoti ngakhale mwana amuzindikire asanatsegule pakamwa. Ife tikuti chizolowezi chimenechi tichiunikenso, chifukwa mtundu wa chovala umayamba kuphunzitsa wosewera asanayankhule.

Akatswiri a zojambula amadziwa bwino zimenezi. Mu filimu ya Inside Out, imene kampani ya Pixar inatulutsa mu 2015, maganizo a kamtsikana kena anawasandutsa anthu: Mkwiyo ndi wofiira, Chisoni ndi wabuluu, Mantha ndi wapepo, Chimwemwe ndi wachikasu. Chotisangalatsa n'chakuti Chimwemwe anamupatsa tsitsi labuluu, mtundu wa Chisoni, ngati kunena kuti awiriwa sasiyana kutali. Mpingo nawo wakhala ukuyankhula ndi mitundu kwa zaka mazana ambiri. Wansembe akatulukira ndi chovala chapepo, mtima umadziwa kuti ndi nthawi yolapa. Akavala chofiira pa 3 Juni, timakumbukira Karoli Lwanga, Kizito ndi anzawo amene anaphedwa ku Namugongo mu 1886. Ngakhale buluu wa Amayi Maria ali ndi mbiri yake: ojambula a ku Ulaya ankamupanga kuchokera ku mwala wa lapis lazuli wokumbidwa ku Afghanistan, wokwera mtengo zedi, ndipo ankamusungira Mayi wa Mulungu.

Koma chida chomwechi chapwetekapo anthu. Cha m'ma 1305, Giotto anajambula Yudasi mu tchalitchi cha Scrovegni ku Padua atavala mwinjiro wachikasu, akumukumbatira Yesu. Kwa ojambula ambiri a ku Ulaya, chikasu chinakhala mtundu wa chinyengo, ndipo m'madera ena Ayuda anakakamizidwa kuvala chizindikiro cha mtundu womwewo. Msonkhano wachinayi wa ku Lateran mu 1215 unali utalamula kale kuti Ayuda azisiyana ndi Akhristu pa kavalidwe. Mu 1941, boma la Hitler linalamula Ayuda a ku Germany kuvala nyenyezi yachikasu pachifuwa. Sitikunena kuti penti wa Giotto ndiye anapha anthu, ayi. Tikunena kuti diso likazolowera kuona choipa mu mtundu wina, silivutika kuchionanso mwa anthu ovala mtunduwo. Mpingo unadzudzula poyera chidani kwa Ayuda mu chikalata cha Nostra Aetate mu 1965, patapita nthawi yaitali kwambiri.

Kwa ife nkhaniyi ili pafupi kuposa pamenepo, pakuti ili m'chinenero chathu chomwe. Liwu lakuti "kuyera" limanena za nsalu, za Mzimu Woyera, komanso za khungu. Liwu lakuti "kuda" limanena za mdima, za litsiro, za chidani, komanso za ife amene. Tsono mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene wakhala kutsogolo pa mphasa, akaona Satana atapakidwa makala chaka ndi chaka, pamene wosewera Yesu ndi mnyamata woyererapo pagulu lonse, kodi akuphunzira katekisimu wanji? Palibe amene wamuuza kanthu, koma wamva. Ndipo tisadabwe mchemwali wake akamagula mafuta oyeretsa khungu pamsika. Chonsecho pa mbendera ya dziko lathu mtundu wakuda ukuimira anthu a mu Afrika muno, ndipo timaukweza monyadira.

Ena adzati: anthu akumbuyo adzamuzindikira bwanji woipa ngati sitimusiyanitsa? Funsoli n'lomveka, makamaka pabwalo lalikulu popanda zokuzira mawu. Koma Malembo sakutithandiza kuthawa ntchito. Paulo Woyera, pa 2 Akorinto 11:14, akutichenjeza kuti Satana amadzionetsa ngati mngelo wa kuwala. Yesu mwini, pa ola lake lowawitsa, asilikali anamuveka chovala cha mtundu wachifumu pomunyoza, malinga ndi Marko ndi Yohane. Ndipo pa Mgonero Womaliza palibe mtumwi amene analoza Yudasi chala. Aliyense anayamba kudzifunsa yekha, chifukwa wopereka Ambuye sankaoneka mosiyana ndi anzake.

Choncho pempho lathu kwa okonza masewero chaka chino n'lakuti Yudasi avale nsalu yofanana ndi ya Petulo ndi Yohane, asiyane nawo pa thumba la ndalama lokha. Satana, ngati nkhaniyo ikumufuna, avale bwino, zonyezimira, ayankhule mofatsa. Makala atsale kukhitchini. Amene akufuna kuona mmene Yesu ndi Amayi Maria angaonekere ndi nkhope ndi mitundu ya kwathu kuno, apite ku Mua, ku KuNgoni kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, akaone zosema ndi zojambula za kumeneko tisanagule nsalu.