Khofi wanu, kabuku kanu: ikani seva yanu ngakhale muli ku Chama

Sabata ino tikamba za ndalama imene imathera m'kapu inu osadziwa. Paketi ya khofi weniweni ya magalamu 250 iyenera kukupatsani makapu 16 ngati m'kapu iliyonse muika magalamu 15. Manje ambiri timapima ndi maso chabe, kutapa ndi sipuni mmene dzanja lafunira. Dzanja likalemera n'kufika magalamu 22, paketi yomweyo ithera pa makapu 11. Makapu asanu apita, ndipo khofi mwamwayo ndi wowawa ngati mankhwala a malungo.

Ngati mumamwa nokha kunyumba, mutha kuseka n'kuiwala. Koma ganizirani mtsikana kapena mnyamata amene akuyendetsa kagesti hausi pa boma ku Chama. Kuchoka mu Lusaka kufika kumeneko ndi makilomita oposa 800, kudzera ku Chipata ndi ku Lundazi. Khofi akatha sathamangira ku shopu ya pakona ayi, adikira wina amene akubwera ndi basi. Alendo ake ndi antchito a boma, a mabungwe, ogula mpunga wotchuka uja wa ku Chama, ndiponso khamu limene limabwera pa mwambo wa Kwenje wa Asenga kwa a Senior Chief Kambombo. Mlendo akamwa khofi wabwino Lolemba, Lachiwiri n'kupatsidwa madzi akuda, Lachitatu apempha tiyi, kapena asamukira kwa aneba.

Mankhwala ake ndi kulemba. Kapu iliyonse yophikidwa ilembedwe, ndipo zolembazo zikhale pamalo amodzi pamene aliyense wogwira ntchito m'khitchini angazione pa foni yake. Apa ndi pamene seva yanuyanu ilowera.

Seva ndi chiyani kansi?

Musaope dzinalo. Seva ndi kompyuta chabe imene imakhala yoyaka n'kumayankha mafoni ndi makompyuta ena akaifunsa. Mukatsegula Facebook, foni yanu ikukamba ndi seva za kampani imeneyo zimene zili kutali, ndipo ulendo uliwonse mulipira bandulo. Seva yanuyanu ikhala pa shelefu m'nyumba mwanu. Foni ikamba nayo kudzera pa Wi-Fi ya rauta, osatulukira kunja. Ndiye ngakhale bandulo yasila, ngakhale netiweki ya MTN, Airtel kapena Zamtel yathawa, kabuku kanu katseguka bwinobwino malinga rauta ili yoyaka. Kulibe wokulipiritsani mwezi ndi mwezi mu madola, kulibenso kampani imene idzatseke pulogalamu yake n'kupita ndi zolemba zanu za zaka ziwiri.

Ndasankha Chama dala. Boma limeneli linapita ku Muchinga mu 2011, n'kubwerera ku Eastern Province mu 2021, koma mtunda sunasinthe, kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa sikunasinthe. Chinthu chikagwira ntchito kumeneko, ku Kabwata ndi ku Chilenje chigwira mosavuta.

Zofunika kukhala nazo

Choyamba ndi laputopu yakale, ija munaiika pansi pa bedi chifukwa kiyibodi inafa mabatani awiri. Ubwino wake ili ndi batire, ndiye malaiti akapita siizima pomwepo. Tonse tikumbuka 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba, lodishedingi n'kufika maola 21 pa tsiku. Ngati mulibe laputopu, kuli kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 2012 ku Britain. Kamakwana m'dzanja, kamadya magetsi a mavoti 5 ngati foni, ndipo kasola kapena pawabanki yamphamvu ikayendetsa.

Chachiwiri ndi rauta, nayonso ikhale ndi kabatire kake. Chachitatu ndi fulashi. Chachinayi, chimene chiposa zonse, ndi kasikelo ka m'khitchini kowerenga galamu imodzi imodzi. Popanda sikelo mukhala mukulemba mabodza mu kompyuta yabwino.

Kuika kwake

Yambani ndi kuika Ubuntu Server pa laputopu ija. Ndi ya mahala, koma kuikopa kumadya bandulo ndithu, ndiye chitani zimenezi pamene pali intaneti yabwino, kaya ndi ku Chipata kaya ndi kwa mnzanu amene ali ndi Starlink, imene inafika mu Zambia mu 2023. Kumbukirani kuti kuikako kumafufuta zonse zili pa laputopu, choncho zithunzi za pa kitchen party ya asisi anu zichotseni kaye. Mukamaliza, isintheni kuti isamagone mukatseka chivundikiro.

Kenako ikani Docker. Ntchito yake ndi kunyamula pulogalamu yonse ndi zofunika zake mu phukusi limodzi, kuti musavutike kuika tizidutswa khumi. Mkati mwa Docker ikani NocoDB, pulogalamu imene imakupatsani tebulo lokhala ngati la Excel, lotsegukira mu Chrome, ndiponso fomu yodzaza pa foni. Ina yofanana nayo ndi Grist kapena Baserow. Poika, iuzeni Docker foda ya pa laputopu mmene zolemba zizisungidwa. Mukalumpha pamenepa, tsiku limene mudzachotse phukusi kuti muike latsopano, zonse zidzapita nalo.

Manje lowani mu rauta muipatse laputopu adiresi yosasintha, tinene 192.168.1.20. Pa foni iliyonse imene ili pa Wi-Fi yanu, kulemba 192.168.1.20:8080 kutsegula NocoDB. Ngati foni ikukana koma laputopu ili bwino, onani ngati rauta siikuletsa zipangizo kuonana, chifukwa ma rauta ena amabwera choncho. Ikani pasiwedi yeniyeni, osati dzina la mwana wanu ndi 123. Musatsegule khomo la rauta kuti seva ioneke pa intaneti yonse, chifukwa akuba a pa intaneti amayendayenda usiku ndi usana kuyesa zitseko. Ngati mufuna kuona kabuku muli mu Lusaka pamene gesti hausi ili ku Chama, ikani Tailscale pa seva ndi pa foni yanu. Pamenepo pokha ndi pamene pafunika bandulo mbali zonse ziwiri.

Ngati mawu onsewa akuzunguzani mutu, mwana wa Grade 12 wokonda makompyuta atha kumaliza ntchitoyi masana amodzi. Mugulireni chakudya, koma pasiwedi musinthe akachoka.

Zolemba mu tebulo

Musachulukitse, apo ayi anthu atopa pa sabata yoyamba. Mizere iyi ikwana: tsiku, wophika, dzina la khofi, tsiku limene anakazingidwa, magalamu a khofi, kuchuluka kwa madzi, kagayidwe, mphindi zimene anakhala m'madzi, chiwiya chophikira, ndi kakomedwe kuyambira 1 mpaka 5, ndi mawu amodzi: wowawa, wowawasa, wamadzimadzi kapena wabwino.

Poyambira ndi apa: magalamu 60 pa lita imodzi, amene ali magalamu 15 pa kapu ya 250 ml. Madzi akhale pakati pa 90 ndi 96 digiri. Mu Lusaka, chifukwa mzinda uli pamwamba pafupifupi mamita 1,300, madzi amawira cha pa 96, ndiye mutha kuthira mutangophula. Ku Chama kuli m'munsi, madzi amawira otentha kuposa apo, choncho phulani ketulo pa mbaula mudikire theka la mphindi. Mu French press khofi akhale wogaya mokhakhala, mphindi 4. Mu AeroPress, imene Alan Adler anatulutsa mu 2005, akhale wosalala pang'ono, mphindi imodzi kapena ziwiri. Mulibe chigayo? Kamtondo koyera ndi sefa zigwira, bola musasinjiremo nsinjiro dzulo lake.

Pakapita masabata awiri, tebulo liyamba kukamba. Khofi wowawasa ndiye kuti madzi sanatenge zokwanira: gayani mosalala pang'ono kapena onjezerani nthawi. Wowawa kwambiri ndiye kuti atenga zopitirira: gayani mokhakhala kapena chepetsani nthawi. Sinthani chinthu chimodzi pa kapu imodzi. Mukasintha zitatu pamodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Muonanso kuti makapu a wophika wa m'mawa amapeza 4 pamene a wamadzulo amapeza 2, ndipo m'malo mokalipa mungomuonetsa manambala. Mukaphatikiza mzere wa magalamu mudziwa tsiku limene paketi isile, n'kuitanitsa ina basi isananyamuke.

Khofi wa kwathu konkuno

Mzere wa dzina la khofi ndiwo umandisangalatsa, chifukwa uonetsa kuti sitifunika kuyang'ana kutali. Kumpoto kuli minda ya Kateshi kufupi ndi Kasama ndi Isanya ku Mbala, ya Northern Coffee Corporation imene Olam inagula mu 2012. Ku Mazabuka kuchokera khofi wa Munali. Ndipo a ku Chama ali ndi mwayi wina: kuseri kwa malire, ku Malawi, alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, Phoka ndi Viphya amalima Arabica amene amagulitsidwa ndi dzina la Mzuzu Coffee. Yesani awiri kapena atatu, magalamu ndi mphindi zofanana, muone amene alendo anu amamaliza kapu yonse. Musagule wambiri nthawi imodzi. Kutentha kwa October kumathamangitsa fungo, makamaka khofi wogayagaya. Sungani mu botolo lotseka bwino, pamthunzi.

Laputopu nayo imaopa kutentha ndi fumbi. Ikhale pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula. Lamulungu lililonse koperani foda ya zolemba ija pa fulashi, fulashiyo isagone chipinda chimodzi ndi seva. Mphezi ya mu December siifunsa kuti munavutika bwanji.

Kodi aliyense afunika seva?

Iyai. Ngati mumamwa nokha, kabuku ka sukulu ndi bolopeni zikwana, kapena pulogalamu ya mahala ya pa foni yotchedwa Beanconqueror, imene imasunga zonse mu foni mwanu momwemo. Seva ipindula pamene ophika ali awiri kapena atatu osinthana, pamene mwini bizinesi sakhala pamalopo tsiku lonse, ndiponso pamene mufuna kuwerengera ndalama. Ndipo ikangoima, tebulo lachiwiri ndi la mahala: matumba a mpunga ogulidwa ndi ogulitsidwa, makireti a zakumwa, kapena ma booking a ma DJ kwa anzanga a zosangalatsa.

Kachenjezo komaliza kwa inu a mu studio amene mumagwira usiku wonse ndi kapu m'manja. Akatswiri a zaumoyo ku America ndi ku Europe amati munthu wamkulu asapitirire mamiligalamu 400 a caffeine pa tsiku, amene ali makapu anayi kapena kuchepera, ndipo mayi woyembekezera asapitirire 200. Onjezani mzere wa ola limene mwamwa. Mukaona kuti masiku osowa tulo ndi omwe munamwa kapu ya 17 hours, mwadziwa chochita.

Yambani ndi sikelo sabata ino, lembani makapu khumi oyamba papepala, laputopu muifukule pansi pa bedi Loweruka. Tionana sabata ya mawa.