ZA UMOYO: Msana Sucirira Pamphasa

Mvula yoyamba ikangogwa m'mwezi wa Novembala, m'midzi ya ku Cigawo ca Kum'mawa mumatsala nkhalamba ndi ana aang'ono okha, pakuti aliyense amene ali ndi mphamvu amakhala atalawirira kumunda, khasu liri paphewa. Iyi ndiyo nyengo imene msana wa mlimi umaona zakuda. Munthu amawerama kuyambira mbandakuca kufikira dzuwa liri paliwombo, kubzala, kupalira ndi kubandira, ndipo pakati pa zonsezi pali thumba la fataleza la makilo 50 loti alitsitse m'ngolo. Amai akaweruka kumundako amakasenzanso cigubu ca madzi ca malita 20, cimene kulemera kwake ndi makilo 20, mwana ali kumbuyo. Cotero sicodabwitsa kuti ena amadzuka m'mawa msana utauma gwa, osatha ngakhale kuwerama kuti atole nsapato.

Bvutoli si la alimi okha. Bungwe la zaumoyo la World Health Organization linalengeza kuti m'caka ca 2020 anthu mamiliyoni 619 pa dziko lonse anali kudwala msana wa m'munsi, ndipo likuyembekezera kuti pofika 2050 adzakwana mamiliyoni 843. Palibe nthenda ina imene imalepheretsa anthu ambiri kugwira nchito zao koposa imeneyi. Woyendetsa basi amene amakhala pampando kucokera ku Lusaka mpaka ku Chipata, kalaliki wa mu ofesi, wonyamula katundu ku Soweto Market ndi wa m'migodi ku Kitwe, onse amaidziwa.

Cimene anthu ambiri amacita msana ukayamba n'codziwika. Amayala mphasa nagona, ndipo abale acifundo amawaletsa ngakhale kukatenga madzi akumwa pamtsuko. Pakapita mlungu ululu usanathe, ena amapita kukatemera mphini, ena amagula mapiritsi pa kantemba, ndipo ena amafika ku cipatala atatsimikiza kale mumtima kuti akufuna nyeleti. Dokotala akawatumiza ku cipinda ca fiziyotherapi, kumene amauzidwa kuti agone pansi ndi kupinda maondo, amabwerera kwao akung'ung'udza kuti sanalandire cithandizo.

Kudandaula kumeneku n'komveka, koma n'kolakwika.

Msana wapangidwa ndi timafupa 24 tosanjikizana kucokera m'khosi mpaka m'ciuno, ndipo tisanu ta m'munsi nditimene timasenza katundu wambiri wa thupi. Pakati pa fupa ndi linzake pali kanthu kofewa kamene madokotala amakacha disiki. Nchito yake ndi yofanana ndi ya nkhata pakati pa mutu ndi mtsuko. Mafupawa amamangidwa ndi mitsempha yolimba, ndipo amacirikizidwa ndi minofu ya kumsana, ya pamimba ndi ya m'matako. Mwa anthu khumi odwala msana, pafupifupi asanu ndi anai sapezeka ndi fupa lothyoka kapena nthenda ina yoopsa. Zimene zimapweteka ndi minofu, mitsempha ndi mfundo zimene zatopetsedwa mopitirira, ndipo zimenezi kawirikawiri zimacira zokha pa milungu yocepa.

Tsono minofu iri ndi khalidwe lake: ikaleka kugwira nchito imayamba kufooka pa masiku owerengeka cabe, ndipo mfundo zosagwedezeka zimauma monga mahinjesi a citseko ca nyumba yosiyidwa. Munthu amene wagona milungu iwiri amadzuka ndi msana wofooka koposa umene anagona nao, ndiponso ali ndi mantha oopa kuwerama. Manthawo amamcititsa kuyenda mouma thupi, ndipo kuuma kumeneko kumaonjezera ululu.

Si anthu a kumudzi okha amene ankakhulupirira za kugona. Kwa zaka zambiri madokotala a ku Ulaya ndi ku America ankalamula odwala msana kugona pabedi mlungu wathunthu kapena kupitirirapo. Maganizowa anayamba kusintha m'caka ca 1986, pamene dokotala wina wa ku America, Richard Deyo, pamodzi ndi anzake anagawa odwala m'magulu awiri. Ena anauzidwa kugona masiku awiri, ena masiku asanu ndi awiri. Ogona masiku awiri anabwerera msanga ku nchito, ndipo sanamve ululu woposa wa anzao aja. M'caka ca 1995 ofufuza a ku Helsinki m'dziko la Finland anafalitsa zimene anapeza pa anchito a mumzindawo. Gulu loyamba linagona masiku awiri, laciwiri linapatsidwa masewera otambasula msana, ndipo lacitatu linangouzidwa kupitiriza nchito za masiku onse monga momwe ululu ungalolere. Amene anacira msanga ndi a gulu lacitatu. Amene anacedwa koposa ndi ogona aja.

Phunziro lake liri pawiri. Msana ukangoyamba kumene, cofunika ndi kusaleka kuyendayenda: kupita kudimba, kusesa pang'ono, kukaceza kwa mnansi, koma kupewa katundu wolemera kwa masiku angapo. Kuthowa ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda, monga momwe agogo amacitira kuyambira kale, kumacepetsadi ululu, malinga madziwo asakhale oocha. Masewera apadera olimbitsa msana amathandiza makamaka pamene ululu wakhalitsa kapena ukubwerabwera, ndipo apa ndi pamene nchito ya a fiziyo imaonekera.

Katswiri wa fiziyotherapi, amene odwala amangomucha kuti a fiziyo, si munthu wotikita minofu cabe monga ena amaganizira. Muno m'Zambia amaphunzira zaka zingapo pa sukulu monga Evelyn Hone College ndi University of Zambia, ndipo sangagwire nchito popanda kulembetsedwa ku bungwe la Health Professions Council of Zambia. Nchitoyi inakula kwambiri pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, pamene asilikali ovulala ankafunika kuphunzitsidwanso kuyenda, ndiponso pa miliri ya poliyo imene inapundula ana ambiri. Akatswiri a maiko osiyanasiyana anakhazikitsa bungwe lao la pa dziko lonse m'caka ca 1951, ndipo tsiku la 8 Sepitembala caka ciriconse limakumbukiridwa monga tsiku la nchito yao.

Wodwala akalowa m'cipinda cao, amayamba ndi mafunso: ululu unayamba liti, umakula akamacita ciani, umatsikira kumwendo kapena ai, amagona bwanji usiku. Kenaka amamuyendetsa, kumuweramitsa, kuyesa mphamvu ya miyendo ndi kuona ngati khungu likumva bwino. Akatero amasankha masewera oyenera munthuyo. Wina amauzidwa kugona cagada, kupinda maondo ndi kuwakokera pacifuwa limodzilimodzi. Wina amagona cagada maondo ali copinda ndi kumawagwetsera kumanja ndi kumanzere pang'onopang'ono, kapena kukweza ciuno m'mwamba mapazi atatsamira pansi, kuwerenga mpaka khumi ndi kutsitsa. Winanso amagona cafufumimba ndi kukweza cifuwa ndi mikono ciuno ciri pansi, njira imene inachuka kaamba ka katswiri wa ku New Zealand, Robin McKenzie. Cimene cimathandiza uyu cikhoza kukulitsa ululu wa uje, ndiye cifukwa cake si bwino kutengera masewera a mnzako. Lamulo limodzi ndi la onse: kupweteka pang'ono pocita masewerawa sikuononga kanthu, koma ngati ululu wayamba kutsikira kumwendo, munthu aleke ndi kukawauza a fiziyo.

Cobvuta ca mankhwala amenewa ndi cakuti dokotala sangamwetse munthu. Mphindi makumi atatu za ku cipatala sizipindula kanthu ngati kunyumba wodwala sacita zimene anauzidwa, tsiku ndi tsiku, kwa milungu ingapo. Ambiri amaleka ululu ukangocepa, monga mlimi amene amapalira munda theka nanena kuti udzu watha.

M'mwezi wa Disembala 2023 bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo a kasamalidwe ka msana umene wapweteka kupitirira miyezi itatu. Linabvomereza kuphunzitsa wodwala za nthenda yake, masewera olimbitsa thupi, kutikita minofu, ndi mankhwala ocepetsa ululu monga ibuprofen kwa nthawi yocepa. Linaletsa kugwiritsa nchito mwacizolowezi malamba omanga m'ciuno, makina okoka msana, ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa morphine. Za malamba ziyenera kumveka bwino, popeza amagulitsidwa m'misika pa mtengo wokwera ndipo ena amawabvala caka conse. Mapiritsi naonso si ciponde. Ibuprofen, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Brufen, pamodzi ndi diclofenac, akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali akhoza kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso, ndipo mai wapakati sayenera kumwa popanda cilolezo ca dokotala. Kunena za mphini, lezala limodzi likatemera anthu angapo likhoza kupatsirana kacirombo ka HIV ndi nthenda ya ciwindi ya hepatitis B, ndipo bala lodetsedwa ndi khomo la kafumbata.

Palinso ena amene sakhutira kufikira atajambulidwa. X-ray imaonetsa mafupa, siionetsa ululu. M'caka ca 1994 ofufuza a ku America anajambula ndi makina a MRI anthu 98 amene sanali kumva kupweteka kulikonse kumsana, ndipo oposa theka anapezeka ndi disiki lotundumuka. Kusintha kotereku kumabwera ndi zaka monga imvi. Munthu akauzidwa kuti mafupa ake atha, pamene cithunzi cikungoonetsa msinkhu wake, amayamba kudziona ngati mbiya yong'aluka, ndipo amaleka nchito zomwe zikanamuciritsa.

Komabe pali msana wina umene sufuna masewera, ufuna dokotala mwamsanga, ndipo awerengi ayenera kuudziwa bwino kwambiri. Cifuwa cacikulu ca TB sicigwira mapapo okha. Kacirombo kake kakhoza kukhazikika m'mafupa a msana ndi kuwadya pang'onopang'ono kufikira atapindika, munthu nkutuluka linunda, mwinanso kufa miyendo. Dokotala wa ku England, Percivall Pott, anafotokoza za nthendayi m'caka ca 1779, ndipo m'maiko monga Zambia, kumene TB ikali yofala makamaka pakati pa anthu amene ali ndi HIV, ikupezekabe. Zizindikiro zake ndi ululu umene sucepa munthu akagona, umene umakula usiku, pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku. Ikapezeka msanga imacira ndi mankhwala a TB omwedwa kwa miyezi yambiri, amene m'zipatala za Boma amaperekedwa kwaulere. Ikatikitidwa ndi kutemeredwa kwa theka la caka, munthu amafika ku cipatala atamunyamula pa macira.

Cimodzimodzinso munthu amene wagwa pamtengo, padenga kapena pa njinga yamoto, amene anadwalapo khansa, mwana wamng'ono wodandaula msana masiku ambiri, ndi nkhalamba imene msana wayamba mwadzidzidzi: onsewa ayenera kupimidwa. Ndipo ngati miyendo ikufooka, ngati pakati pa ncafu pacita dzanzi, kapena mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukutuluka wokha, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo. Mitsempha ya m'munsi mwa msana imakhala yapanikizika, ndipo kucedwa kwa tsiku limodzi kapena awiri kukhoza kusiya cilema cosatha.

Nzeru yakuti ciwalo covulala cisakhale nthawi yaitali osagwedezeka imagwiranso nchito kwina. Mnyamata akabinya kakolo pa mpira, masiku awiri kapena atatu oyamba apumitse mwendo, aumange ndi bandeji mosathinitsa ndi kuusanjika pamwamba. Dokotala wa zamasewera wa ku America, Gabe Mirkin, amene m'caka ca 1978 anachukitsa njira ya kupumula ndi kuika madzi oundana, ananena yekha mu 2014 kuti kupitiriza zimenezi nthawi yaitali kukhoza kucedwetsa kucira. Kutupa kukayamba kuphwa, mnyamatayo ayambe kupondera, kuzunguza phazi, ndipo pambuyo pake azizolowera kuima ndi mwendo umodzi, cifukwa kakolo amene sanaphunzitsidwenso kuima bwino amabinyikanso. Koma ngati sangathe kuponda ngakhale mapazi anai, kapena fupa lenileni likupweteka polikhudza, apite akajambulidwe. Nazonso nkhalamba za nyamakazi ya m'maondo zimapeza bwino zikamayenda tsiku ndi tsiku ndi kulimbitsa minofu ya kutsogolo kwa ncafu. Ndodo igwiridwe ku dzanja la mbali imene siikupweteka, cinthu cimene ambiri amacita mosemphanitsa.

Cosowa cacikulu ndi cakuti akatswiriwa ndi ocepa, ndipo ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu monga University Teaching Hospital ku Lusaka, Chipata Central Hospital ndi St Francis ku Katete. Mlimi wa kutali ndi tauni sangalipire ulendo mlungu uliwonse pakati pa dzinja, pamene ndalama zonse zinapita ku mbeu ndi fataleza. Wotereyu ayambire pa kiliniki ya kufupi ndi kwao, ndipo ngati ululu wapitirira milungu isanu ndi umodzi apemphe kalata yomutumiza ku cipatala cacikulu. Akafika kwa a fiziyo anene poyera kuti amacokera kutali, apemphe kuti masewera ake amujambulire papepala, ndipo ngati n'kotheka apite ndi mbale wake woti azikamukumbutsa kunyumba. Kumunda aziweramuka kawirikawiri ndi kuongola msana manja ali m'ciuno, asadikire kuti mzere uthe. Thumba la makilo 50 alinyamule ndi mnzake, kapena aligawe pawiri asanalicotse m'ngolo.