Mapiritsi okha sangamuyendetse wodwala TB ya msana

COBUE, Lago. Anthu akamva za TB amaganiza za chifuwa. Koma kachirombo komweko kamalowanso m'mafupa a msana, ndipo wodwalayo nthawi zambiri sakhosomola n'komwe. Msana umawawa kwa miyezi, thupi limatha, usiku thukuta lili kamukamu. Mafupa akadyeka pamatuluka linunda, ndipo mitsempha ikapanikizika miyendo imafa. Dokotala wa ku England, Percivall Pott, anaifotokoza nthendayi mu 1779. Kuno kunyanja ambiri amayamba anena kuti ndi kutopa kwa nkhafi ndi khoka, ena ati ufiti, mpaka munthu agwe.

Mankhwala a TB ndi aulere m'dziko la Mozambique, ndipo zimenezo n'zoyamika. Pa TB ya msana amamwedwa nthawi yaitali, kawirikawiri miyezi 9 mpaka 12. Koma mapiritsi amangopha kachirombo. Sawongola bondo limene lauma pamkeka. Saletsa zilonda za m'matako. Imeneyo ndi ntchito ya fizioterapiya, imene anzathu a kutsidya amati mafizo.

Akatswiri a ntchitoyi amapezeka m'zipatala zazikulu ngati cha ku Lichinga, makilomita oposa 150 kuchokera ku Cobue podzera ku Metangula. Msewu wake nthawi ya dzinja aliyense akuudziwa. Kumukweza munthu wa msana wodyeka kumbuyo kwa lole n'kumuonjezera matenda. Chipatala cha St Peter's pa Likoma chimaoneka ndi maso, inde, koma ndi dziko lina, ndipo mwera ukauka palibe bwato lowolotsa wodwala sabata ndi sabata.

Nchifukwa chake akulu a zaumoyo m'chigawo cha Niassa ayenera kutumiza katswiri kunyanja kangapo pachaka, kuti adzaphunzitse ma APE, athandizi a zaumoyo a m'midzi, pamodzi ndi achibale odwazika. Zophunzira zake sizilira magetsi. Wofa miyendo atembenuzidwe maola awiri alionse, usana ndi usiku. Mawondo ndi akakolo azipindidwa ndi kuwongoledwa pang'onopang'ono tsiku lililonse. Kukhala tsonga ndi kuimirira ziyambe pokhapokha a chipatala atanena kuti msana walimba. Nthawi imeneyo ikakwana, nsungwi ziwiri zokhomedwa pabwalo zimakwanira kuti munthu agwire pophunziranso kuyenda, kenako ndodo.

Ena akuti munthu wosaphunzira akhoza kumupweteka wodwala. N'zoona. Koma achibalewo akumugwira kale. Akumunyamula m'khwapa popita naye kuchimbudzi, ena akudinikiza linunda kuti libwerere, ena akutemera mphini. Mayi amene akudwazika mwamuna wake ku Cobue lero akuchita zonsezi popanda amene anamuuzapo kuti pomutembenuza, mapewa ndi chiuno ziyendere limodzi ngati chipika.