Pakhomo ndi Paulendo: Tsiku Limene Chipale Chinatibweza

Takhala ku Johannesburg zaka zingapo, koma chipale chofewa tinkangochionera pa wailesi yakanema. Choncho mu Julayi, kuzizira kutafika pachimake, tinasiya ana kwa azakhali awo n'kuyamba ulendo wa ku Lesotho, awiriwiri ngati pa chibwenzi.

Lesotho ndi dziko lozunguliridwa ndi South Africa mbali zonse, ndipo ngakhale malo ake otsika kwambiri ali pa mamita pafupifupi 1,400 kuchokera pa nyanja yamchere. Tinalowera pa chipata cha Caledonspoort, tinadutsa tauni ya Butha-Buthe, kenako msewu wa A1 unayamba kukwera mokhotakhota pa Moteng Pass. Cholinga chathu chinali kukagona ku Mokhotlong, komwe tinali titalipira kale malo. Kupitirira Oxbow, msewuwu umakwera kuposa mamita 3,200. Kwa amene mumalidziwa phiri la Mulanje, ndiye kuti galimoto yathu inali pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa, yomwe ili pa mamita 3,002.

Kukongola kwake sitingakubiseni. Zigwa zinali mbee, mitsinje yokha ikuoneka ngati ulusi wakuda pansi. Abusa ofunda mabulangeti, atavala majombo ndi zipewa zobisa nkhope, ankayenda ndi nkhosa ndi mbuzi zawo ngati palibe chachilendo. Tinaima, tinaumba chipale ngati ana, mpaka zala zinachita dzanzi. Pobwerera kugalimoto, mtunda wochepa chabe, tinali wefuwefu ndipo mutu unali utayamba kupweteka. Pamwamba chonchi mpweya ndi wopepuka, moti thupi limalandira okosijeni wochepa pa kupuma kulikonse. Limafuna kuyenda pang'onopang'ono ndi kumwa madzi, ngakhale kozizira ludzu silimveka.

Cha m'ma 3 koloko, titadutsa malo otsetsereka pachipale a Afriski, kunja kunada ndipo chipale chinayamba kugwa. Pa kona ina yamthunzi galimoto inaterereka n'kuyang'ana chammbali. Phula linkaoneka ngati langonyowa, koma anali madzi oundana. Tinaima pafupi kwambiri ndi mphepete.

Apa ndi pamene ulendo unasanduka nkhani ya banja. Amayi anati, "Bambo, tiyeni tibwerere." Abambo, omwe anali pa chiwongolero, anayankha kuti, "Mayi, malo tinalipira kale, komanso tayenda mtunda wautali." Mawu anayamba kukwera. Wina ankawerenga ndalama, wina ankawerenga ana amene tinawasiya kunyumba. Tikuvomereza kuti panalinso kakunyada: kubwerera kunkaoneka ngati kulephera.

Tili pomwepo, panatulukira galimoto yochokera kumene tinkapitako. Woyendetsa wake, bambo wachikulire wa komweko, anayang'ana matayala athu n'kufunsa ngati tili ndi matcheni okulunga kumatayala. Tinalibe. Anatiuza kuti kutsogolo n'koipa kuposa pano, ndipo dzuwa likalowa msewu wonse uuma gwa. Safunsa anadya phula. Tinatembenuka, n'kutsika pa giya yotsika, osaponda buleki mwadzidzidzi, mpaka tinakagona kumunsi.

Usiku umenewo tinakambirana zimene zikanachitika tikanakanirira pamwamba paja. Pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Thupi likazizira kufika pansi pa madigiri 35, munthu amanjenjemera, amasokonezeka mutu, lilime limalemera, kenako amagwidwa tulo toopsa. Mankhwala ake ndi zovala zouma zingapo zosanjikiza, chipewa, bulangeti ndi chakumwa chotentha. Mowa, umene ena amati umafunditsa, umangotsegula mitsempha ya pakhungu, kutentha n'kumathawa msanga. Chinanso: galimoto ikatitimira, khalani momwemo, koma musanalize injini onetsetsani kuti paipi ya utsi sinatsekeke ndi chipale, ndipo tsegulani windo pang'ono. Utsi wobwerera mkati uli ndi mpweya wa poizoni wopanda fungo, umene umapha munthu ali m'tulo. Ifeyo tinali ndi bulangeti limodzi, botolo limodzi la madzi, mafuta osakwana theka la thanki, ndipo palibe wachibale amene tinamuuza njira imene tadzera.

Mmawa kunacha bwino, phiri likuwala mpaka kuthobwa m'maso, pakuti chipale chimabweza kuwala kwa dzuwa ndipo chimafuna magalasi akuda. Ku Mokhotlong sitinafike, ndalama ya malo ogona inapita. Abambo anapepesa pa kadzutsa, amayi nawonso anapepesa chifukwa cha mawu ena amene anatuluka ndi mantha.

Kuchokera tsikulo tinagwirizana chinthu chimodzi, ndipo tikukupatsani kuti mukachiyese kwanu: pa nkhani yokhudza moyo, mmodzi akati tiime, tonse timaima, zokambirana zimabwera pambuyo. Lamuloli talipeza likugwira ntchito ngakhale pa ngongole, pa matenda a mwana ndi pa ulendo wa usiku wopita kumudzi. Ku Mokhotlong tidzapitabe, koma titanyamula matcheni, mabulangeti okwanira, komanso titafunsa za nyengo tisananyamuke.