Musafulumire Kumutcha Dzina



Zaka zapitazo ndinali ndi mnyamata m'kalasi langa la Sitandade 7 amene anatisautsa tonse. Ankamenya anzake, kunama, ndi kujomba kusukulu. Ife aphunzitsi tinagamula msanga kuti ameneyu anabadwa ndi mtima woipa, ndipo ine ndinavomereza. Patapita miyezi tinamva kuti bambo wake atamwalira abale analanda katundu yense, ndipo mwanayo ankagona ndi njala kwa wachibale amene ankamukwapula kawirikawiri. Agogo ake atamutenga, anasanduka mwana wofatsa. Kufikira lero ndimachita manyazi ndikakumbukira chiweruzo chathu chija.

Ndakumbukira zimenezi pakuti masiku ano achinyamata ambiri akuwerenga pa intaneti za vuto limene madokotala a maganizo amalitcha personality disorder m'Chingerezi, ndipo ayamba kulipachika pa amuna awo, apongozi awo, ngakhale pa iwo eni. Vutoli lilipodi. Ndilo kaganizidwe ndi kakhalidwe kokhazikika, kamene kamayamba pa unyamata, kamaonekera kunyumba, kuntchito ndi kumpingo komwe, ndipo kamazunza mwini wake kapena okhala naye. Koma kulizindikira molondola nkovuta ngakhale kwa akatswiri.

Choyamba, silipezeka poyeza magazi monga malungo. Dokotala amadalira kucheza ndi munthuyo ndi kumva mbiri ya moyo wake. Chachiwiri, zizindikiro zake zimafanana ndi za mavuto ena, monga kukhumudwa kwakukulu, matenda a bipolar amene amakweza munthu m'chisangalalo chopitirira kenaka nkumugwetsa, mabala a mumtima obwera ndi nkhanza, ndiponso chamba ndi mowa. Chachitatu, miyambo imasiyana. Mtsikana wosayang'ana akulu m'maso, kwathu kuno timati ngwaulemu. Mlendo wosadziwa mwambo wathu angamuyese wamantha opitirira muyeso.

Ngakhale mabuku a madokotala sanena chimodzimodzi. Buku la American Psychiatric Association lotchedwa DSM-5, la chaka cha 2013, limagawa vutoli m'mitundu 10. Koma kawirikawiri munthu mmodzi amapezeka kuti akulowa m'mitundu iwiri kapena itatu. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene bungwe la zaumoyo la WHO, m'buku lake la ICD-11 limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, linasiyira kagawidwe kotere. Ilo limafunsa poyamba ngati vutolo ndi laling'ono, lapakati kapena lalikulu, ndiponso ngati lakhalapo nthawi yaitali, monga zaka 2 kapena kuposerapo. Buku la ku America lija sililolanso kuti mwana wosafika zaka 18 atchedwe ndi mtundu umene amati antisocial, wa munthu wopondereza ena mosamva chisoni. Tsono ngati ophunzira amadekha chotere, ife ndife yani kuti tigamule tsiku limodzi? Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Chotero makolo, mwana akasintha khalidwe yambani mwafunsa chimene chamuchitikira. Sungani mumtima pamene zinayambira ndi kumene zimaonekera, pakuti mbiri yoona ndiyo imathandiza dokotala. Zikapitirira, pitani naye kuchipatala cha boma lanu. Kumeneko angakutumizeni ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu. Pemphero ndi chipatala sizitsutsana.

Inu achinyamata, musadzitche dzina la matenda chifukwa cha mafunso ochepa a pa foni. Ndipo ife akulu a mpingo, Mkhristu akabwera pabwalo lathu kachitatu ndi mlandu womwewo, tisanamuike pa chilango tifunse ngati sakufunanso chithandizo. Tchimo tilidzudzule ndithu, koma munthuyo tisamutaye. Werengani 1 Samueli 16, muone mmene mneneri yemwe analakwira poweruza Eliabu ndi maso. Dzina loipa limamatirira munthu kufikira kumanda, ndipo limatseka makomo a ukwati, a ntchito ndi a kulapa komwe.

Ambuye asunge mabanja anu kufikira tidzachezenso mwezi wamawa.